Snake yopotana, matchanelo akufa: vuto limayambira pokulunga ndi pa lole

Amene mumabwereketsa zokuzira mawu kuno ku Salima nkhani iyi mukuidziwa. Loweruka lathali snake, nthambo yaikulu ija yonyamula mawu a maiki ambiri kuchokera ku siteji kupita ku mixer (makina osakanizira mawu), inagwira bwinobwino, matchanelo onse 16, kapena kuti njira za mawu, akuyankhula. Lero mwafika pa ukwati ku Senga Bay, mwaiyala, tchanelo 5 ili zii, tchanelo 11 ikuthetheka ngati chimanga pachiwaya, nthamboyo nayo ikukana kugona pansi, yangoimika misana ngati mbozi. Akwati ali panjira, anyamata akulozana zala.

Chikhalirecho pakati pa Loweruka lija ndi lero palibe analumikizapo maiki. Inangokulungidwa usiku anthu atatopa, n'kuponyedwa pa lole, n'kutsitsidwa. Inavulalira pamenepo. Ine zinandifera ziwiri ndisanavomereze kuti wozipha ndinali ndemwe ndi anyamata anga, osati amene anandigulitsa.

Muyambe mwadziwa chimene chili m'kati mwa khungu lakudalo. Snake ya matchanelo 16 opita ku mixer ndi 4 obwerera ku siteji ili ndi timagulu 20 ta mawaya. Kagulu kalikonse kali ndi mawaya awiri opotana onyamula mawu, kawaya kachitatu kosavala kanthu ka earth, ndi kapepala konyezimira ka aluminiyamu kokuta zonsezo kuti phokoso la magetsi lisalowe. Waya aliyense ndi woonda, pafupifupi theka la milimita. Timagulu tonseto anatipotera pamodzi ku fakitale kulowera mbali imodzi. Mukaipota snake mobwerera, timaguluto timamasuka n'kutupa. Mukaipota mopitiriza, timathinana n'kumakokana. Ndiye mukaona snake ili ndi zotupatupa ngati njoka yomeza mazira, dziwani kuti m'katimo mawaya achoka m'malo mwake, ndipo kapepala kaja mwina kang'ambika kale penapake.

Ikukana kugona pansi

Gwero lake n'kukulunga mbali imodzi. Anyamata ambiri kuno anaphunzirira pa zingwe za khoka ndi za bwato kugombe, dzanja likungozungulira uku kokhakokha, nkhata pamwamba pa nkhata. Chingwe cha nayiloni chimapirira zimenezo, chilibe kanthu m'mimba koti kaduke. Ena amakulungira pachigongono ngati chingwe choyanikira zovala, ndipo amenewa ndiwo oopsa koposa chifukwa amapota n'kukokanso nthawi imodzi.

Nkhata iliyonse yopita mbali imodzi ndi kupotoka kumodzi kwathunthu. Werengani nokha: snake ya mamita 30, nkhata iliyonse ikudya mita ndi theka, ndiye nkhata 20, kupotoka ka 20. Waya wa maiki mutu wake umatha kuzungulira n'kudzimasula wokha. Snake ilibe mwayi umenewo, uku kuli bokosi lachitsulo lolemera, uko kuli mchira wa mapulagi 20. Kupotokako mwina kumagona nayo m'nkhata sabata yonse mpaka khungu lizolowere, mwina kumatuluka poyala, mnyamata akakoka mwamphamvu n'kusandutsa kankhata kakang'ono kukhala gondo lakuthwa. Pagondo pamenepo ndi pamene waya adzadukire, kaya ndi mwezi uno kaya wamawa.

Snake yonenepa, ya matchanelo 16 kupita m'mwamba, musavutike kuikulungira m'manja. Ikulungireni pansi, ioneke ngati nambala 8. Yalani lona kapena masaka otumbula, makamaka ngati muli pamchenga. Bokosi la ku siteji likhale pambali pa lonayo, muyambire kumeneko. Nkhata yoyamba izungulire kumanja, mudutse pakati, yachiwiri izungulire kumanzere, mudutsenso pakati pomwe paja, chomwecho mpaka mchira ukhale pamwamba. Kupotoka kumene diso loyamba laika, diso lachiwiri likuchotsa, choncho poikoka imatuluka yowongoka. Ophunzira kumene muwavundikirire ndowa ziwiri motalikana pang'ono, azizungulira zimenezo, ikatha achotse ndowazo.

Maso a 8 akhale akuluakulu, oti beseni lochapira likhoza kukhalamo. Nthambo yonenepa masentimita 2 isapindidwe nkhata yochepera masentimita 40 kuchokera mbali ino kufika mbali inayo, ndipo ine ndimafuna 60 kapena kuposa. Malo pa lole ndi ochepa, ndikudziwa, koma nkhata yaing'ono ndiyo imayambitsa zotupa zija.

Ntchitoyi ndi ya anthu atatu. Woyamba wanyamula mchira m'manja, akuyenda nawo kubwera ku siteji kuti mapulagi asakwekwerezeke m'dothi. Wachiwiri wagwira kansalu konyowa pang'ono, nthambo ikudutsa m'kansalumo. Wachitatu ndiye woyala 8. Wa kansaluyu ali ndi ntchito inanso: zala zake ndizo zimamva pamene khungu lachekeka kapena laphwatalala, ndipo akamva aikepo tepi pomwepo, mawa muonepo kukuwala.

Mukatha mangani patatu, pakati pamene nthambo zikupingasana ndi kumapeto kwa diso lililonse. Mangirani timizere ta chitenje chakutha kapena malamba omata. Legeni ayi. Imathina mopitirira, ndipo ikakhala padzuwa imamatirira kukhungu n'kusiya mkanda. Kuti inyamulike, pindani 8 uja pakati ngati buku, maso awiri agonane n'kukhala nkhata imodzi. Chokhacho musaiwale kuitsegula ngati buku lomwelo musanayambe kukoka. Mnyamata watsopano akaiona ili yozungulira amangogwira mchira n'kuthamanga nawo, ndipo zimene zimatuluka pamenepo zimadya theka la ola.

Pamalo, mulu wa 8 ukhale ku siteji, munthu mmodzi atenge mchira kupita nawo ku mixer. Nthambo yotsala isiyeni mu 8 momwemo kuseri kwa siteji. Siitentha, mawu a maiki ndi magetsi ochepetsetsa. Imene imatentha ikasiyidwa yokulunga ndi ekisitenshoni ya magetsi yodyetsa maampu (ma amplifier), imeneyo ndiyo muziitambasula yonse. Zikachitika kuti mbali imene mukuifuna ili pansi pa mulu, musaisolole. Awiri agwire 8 yense, amutembenuze ngati chitumbuwa.

Snake yowonda, ya matchanelo 8, ndi mawaya a maiki, amakulungika m'manja mwa njira imene amati over-under. Nzeru yake ndi ya 8 yomweyo, kungoti maso onse akugwera malo amodzi. Gwirani mutu kumanzere. Nkhata yoyamba muibweretse mwachizolowezi. Yachiwiri, tembenuzani dzanja lamanja chikhatho chiyang'ane kunja, chala chachikulu chiloze kwa inu, gwirani nthambo, ndipo poibweretsa dzanja libwerere m'malo mwake kuti nthamboyo ilowe kunsi kwa nkhata imene mukupangayo. Yachitatu mwachizolowezi, yachinayi motembenuza. Pofotokoza zimamveka zovuta, koma manja amagwira tsiku limodzi.

Njirayi ili ndi msampha umodzi. Mutu ukadutsa m'kati mwa nkhata n'kutulukira mbali inayo, pokoka pamabadwa mfundo zondondozana.

“Akulu, yamanga mfundo khumi yokha!” anandikuwira choncho mnyamata wina ku Chipoka, atayamba kale kumasula yoyamba.

“Usamasule imodziimodzi iwe. Zisonkhanitse pamodzi, ubweze mutuwo mmene unalowera.”

Atatero zonse zinatha nthawi imodzi. Kuti zisachitikenso, mitu yonse iwiri muziimangira kunja, uliwonse kumbali yake.

Amene muli ndi snake ya pa gudumu lopukusa mwapepukidwa, bola gudumulo lizizungulira poyala ndi pokulunga pomwe. Mukaligoneka chammbali n'kumasolola nkhata kuchokera pamwamba, mwabwerera ku kupotoka ka 20 kuja. Ndipo muzizula mawaya onse pabokosi musanapukuse.

Nanga imene yapotoka kale? Pitani nayo pabwalo la mpira m'mamawa, muitambasule yonse, iwothe dzuwa pang'ono kuti khungu lifewe. Yambirani ku bokosi, muziyenda mukukankhira kupotokako kumchira, wina atanyamula mchirawo n'kumauzunguza kuti kutuluke. Bwerezani kawiri kapena katatu, kenako ikulungeni mu 8 ikadali yofunda. Mu Okutobala ndi Novembala muchite izi isanakwane 9 koloko. Dzuwa la masana la kuno kunyanja limafewetsa khungu lakuda mopitirira muyeso, ndipo chilichonse cholemera chikaligunda chimasiya chidindo. Zotupa zazikulu sizitha ndithu, koma nthamboyo imayambanso kugona pansi.

Tchanelo yafa, kapena ikufa n'kumadzuka

Musathamangire kutsegula bokosi. Tengani maiki ndi waya womwewo mulumikize pa tchanelo ina ya snake. Ikayankhula, maiki ndi waya zilibe mlandu. Kenako ku mixer sunthani mchira wa tchanelo yokayikitsayo muulowetse pakhomo lina. Ikakhalabe zii, ndiye ndi snake. Pa tsiku la ntchito imani pomwepo, matani tepi pa nambalayo mbali zonse ziwiri, gwiritsani ntchito tchanelo yapadera. N'chifukwa chake amene amafuna matchanelo 12 ndimawalangiza kugula ya 16.

Kunyumba tengani cable tester kapena multimeter, timakina toyezera ngati waya ndi wolumikizana. Pulagi ya maiki, imene amati XLR, ili ndi mapini atatu: 1 ndi earth, 2 ndi 3 ndi onyamula mawu. Pini 1 ya ku bokosi iyenera kulira ndi pini 1 ya kumchira, 2 ndi 2, 3 ndi 3, ndipo pasakhale kulira pakati pa mapini osiyana. Mukamayeza wina azigwedeza nthambo pang'onopang'ono, kuyambira pakhosi pa pulagi, chifukwa waya woduka m'kati mwa khungu amagundana akakhala phee n'kusiyana akagwedezeka.

Khutu nalo limathandiza. Mawu akamatuluka ochepa, opyapyala, pamodzi ndi kulira kwa nnnn, kawirikawiri waduka ndi mmodzi mwa awiri aja, wa pini 2 kapena 3. Maiki wamba akamayankhula koma maiki ya condenser kapena DI box (kabokosi kolumikizira gitala kapena kiyibodi) yodalira phantom power, magetsi amene mixer imatumiza pa waya wa maiki, n'kukhala chete pa tchanelo yomweyo, yang'anani pini 1, chifukwa magetsiwo, a 48 V, amapita pa 2 ndi 3 n'kubwerera pa 1. Sipika ikamaphulika kuti phwaa munthu akaponda snake pamene phantom ili yoyatsa, ndiye kuti penapake pakugundana n'kusiyana. Tsitsani tchaneloyo msanga musanaphe ma tweeter, timasipika ta mawu opyapyala.

Nthawi zambiri chilonda chimakhala kumapeto. Kumchira, pamene waya anawotchereredwa pa pulagi, chifukwa nthambo yonse yolemera ija imasiyidwa ikulendewera pa mapulagi kumbuyo kwa mixer. Kapena pamene nthambo ikulowa m'bokosi, chifukwa anyamata amanyamula bokosi poligwira nthambo ngati akunyamula nkhuku miyendo. Zonsezi ndi za kuwotcherera basi. Masnake ambiri ali ndi kaukonde kachitsulo kokhala ndi diso pafupi ndi mchira. Ntchito yake n'kukoleka pa mwendo wa tebulo kuti kulemera kugwere pamenepo. Ngati yanu ilibe, mangani kachingwe pakhungu lalikulu mukoleke chimodzimodzi.

Koma matchanelo atatu kapena anayi akafera limodzi, mapulagi ali bwinobwino, chilonda chili pakati. Yendani ndi zala mpaka mupeze pophwatalala. Pamenepo musadzinamize ndi tepi. Dulani, mupange masnake awiri aafupi.

Kulira kwa nnnn pa matchanelo onse nthawi imodzi si kuduka kwa waya. Mwina snake yagona limodzi ndi nthambo ya jenereta mtunda wautali, ndipo magetsi athu a 50 Hz akulowerera. Zisiyanitseni ndi phazi limodzi kapena awiri, ndipo pamene zikuyenera kukumana zipingasane ngati mtanda. Mwinanso mixer ili pa magetsi a m'holo pamene maampu ali pa jenereta. Zonse zidye gwero limodzi. Osathyola pini ya earth pa pulagi ya magetsi pofuna kuthetsa phokoso, mudzapha woimba wogwira maiki.

Pa lole

Snake yanga yachiwiri inafera pamsewu wa M5 popita ku msonkhano wa mapemphero ku Nkhotakota. Tinapakira usiku. Inayamba kukwera ndi snakeyo chifukwa inali pafupi ndi khomo, pamwamba pake panakhala sabuwufa, sipika yaikulu ya besi, ndipo ngodya yachitsulo ya sabuwufayo inaidinda makilomita opitirira 100, bampu iliyonse ngati hamala. Titafika khungu linali losang'ambika, longophwatalala pang'ono ngati nzimbe yopondedwa. Matchanelo anayi anali atapita.

Kuyambira pamenepo snake imakwera pomalizira, ndipo ili ndi nyumba yakeyake. Amene muli ndi flight case, bokosi lolimba lonyamulira zida, bwino. Amene mulibe, dulani pakati mgolo wapulasitiki wa malita 200, muutsuke, musalaze m'mphepete, muboole timabowo pansi kuti madzi azituluka. Nkhata ya 8 wopindidwa imakhalamo bwino, bokosi la ku siteji pakati, ndipo anthu awiri amanyamula mosavuta. Snake yaikulu ya mamita 50 imalemera ngati theka la thumba la chimanga, ndiye munthu mmodzi akaikoleka paphewa, mchira ndi bokosi zimalendewera n'kumakoka pakhosi paja pamene timati pamaduka.

Mchira uvale thumba. Kathumba ka nsalu kokhala ndi chingwe pakamwa, kapena mwendo wa jinzi yakutha wosokedwa mbali imodzi, n'kumanga pakhungu lalikulu. Mapulagi osavala amakodwa m'nkhata, amalowa pansi pa masipika, manambala ake amafufutika. Tchanelo yopanda nambala pa ukwati ndi chimodzimodzi yakufa.

Jenereta, chigubu cha petulo ndi batire la galimoto zikhale mbali ina ya lole. Petulo ndi oyilo zimawononga khungu la PVC, limayamba kunata kenako kuuma n'kusweka. Chingwe chomangira katundu chisadutse pa snake. Ndipo pa lole yosafunda, mgolowo uphimbidwe ndi lona, kuopa dzuwa popita ndi mvula pobwerera.

Ntchito zazing'ono timapita pa Sienta kapena pa kabaza, nanga n'kutani. Mu Sienta onetsetsani kuti chitseko cha kumbuyo sichikupana nthambo, ndipo pasakhale wokhalira. Pa njinga yamoto nkhata iikidwe m'saka kaye isanamangidwe, legeni idutse pa saka, ndipo pasalendewere kanthu kumbali ya ekizozi kapena ya masipoko. Ekizozi imaboola khungu musanafike n'komwe pa Kamuzu Road mu Salima momwemuno.

Mchenga ndi madzi

Ntchito za kugombe n'zokoma ndalama koma n'zowawa pa zida. Magulu akuluakulu amene amabwera ndi zoimbaimba za Lake of Stars kapena Sand Music Festival amafika ndi milatho ya mphira yodutsitsira nthambo. Ife a maukwati ndi zinkhoswe tilibe, ndiye pamene pakudutsa galimoto kapena anthu ambiri ikani matabwa awiri, uku ndi uku, onenepa kuposa nthamboyo, pamwamba kalipeti yakutha. Kuikwirira mumchenga kumathandiza pa mapazi a anthu okha. Tayala la pikiapu yobweretsa makreti limaipeza ndithu. Kuidutsa m'mwamba kumathekanso, koma mumange chingwe cholimba pakati pa mitengo, snake ilendewere pa chingwecho mita iliyonse, isadzinyamule yokha.

Bokosi la ku siteji lisakhale pamchenga. Liikeni pa kreti kapena pa thabwa, ndipo makomo amene sakugwira ntchito muwamate tepi. Mwera ukamawomba, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, mchenga umalowa paliponse. Ukalowa m'kaloko ka XLR pulagi imakana kutuluka, mnyamata n'kuikoka ndi waya. Chotsani mchenga ndi mswachi wakutha wouma ndi pampu ya njinga, bokosi litazondoka. Mapini akada, poperani pang'ono contact cleaner, mankhwala otsukira mapini a zamagetsi. Girizi, oyilo wa makina kapena mafuta opopera pa mabawuti a dzimbiri musayerekeze, amagwira mchenga n'kupanga phala.

Madzi a nyanja yathu alibe mchere, zimenezo n'zabwino, koma chinyezi cha usiku kugombe ndi mvula ya Januwale zimakwanira kubiriwitsa kopa. Snake ikanyowa musaitsekere mu mgolo mpaka Loweruka linalo. M'mawa mwake itulutseni, tsegulani 8, bokosi liyang'ane pansi, iume pamthunzi podutsa mphepo.

Ena mwasamukira ku mixer ya digital monga Behringer X32 ndi bokosi lake la S16, pamene matchanelo onse amayenda pa kawaya kamodzi ka Cat5e, ka mtundu wolumikizira makompyuta, kosapitirira mamita 100. Msana wapuma, koma kukulunga n'komweko, over-under kapena gudumu. Kusiyana kwake n'kwakuti snake yakale imafa tchanelo imodziimodzi, pamene kawayaka kakaduka mawu onse amazima nthawi imodzi, mkwati ali pakati polumbira. Gulani ka shield, kokutidwa m'kati kuti phokoso la magetsi lisalowe, kokhala ndi mitu yolimba imene amati etherCON, kopangidwira kuyalidwa ndi kukulungidwa, osati kouma kaja kodutsa m'makoma a maofesi. Ndipo kachiwiri kazikhala koyala kale pambali.

Posunga, snake isakhale pansi m'chipinda mmene muli matumba a chimanga kapena mpunga, makoswe amaluma khungu lake ngati chinangwa. Musaikoleke pa msomali, kulemera konse kumagwera pamalo amodzi. Khomani rimu yakutha ya galimoto kukhoma, kapena theka la tayala, nkhata igone pamenepo. Lachisanu madzulo, musanapakire, dutsani matchanelo onse ndi maiki imodzi, wina ali ku mixer ndi mahedifoni akuyankha nambala iliyonse. Pa snake ya 16 zimatenga mphindi zosakwana khumi, ndipo imene yakana muimate tepi yofiira mbali zonse ziwiri isanalowe mu mgolo.